Zipinda Zimaonana pa Chitseko

Nyumba zambiri za m'matauni a m'Malawi zimamangidwa pang'onopang'ono. Chaka chino maziko, chaka chamawa khoma kufika pa lintala, malata n'kumadikira ndalama ya chipereganyu kapena ya fodya. Penti amabwera kumapeto, thumba litapepuka kale, ndipo nayenso amalowa chipinda chimodzichimodzi. Pabalaza pamapakidwa wa mtundu wa pichesi chifukwa ndi amene anali wotsika mtengo ku hadiweya mwezi umenewo. Kuchipinda kwa ana kumapita wobiriwira amene anatsala pomwe alamu ankapenta golosale yawo. Kukhitchini wopenta amabwera ndi wachikasu, n'kunena kuti ndi amene ali m'fasho.

Chipinda chilichonse pachokha chilibe mlandu. Vuto limaoneka munthu akaima m'kolido zitseko zonse zili chitsegukire. Maso amalandira mitundu inayi nthawi imodzi, ngati mzere wa mashopu a m'mbali mwa msewu wa M1, pomwe ina yapentedwa ndi kampani ya foni, ina ya sopo, ina ya zakumwa. Mwini nyumba amadziwa kuti pali china chosalongosoka koma satha kuchiloza. Ndalama zapita, fungo la penti likadalipo, koma mtima sukukhazikika.

Akatswiri okongoletsa m'nyumba amayambira pomwepo, pa chitseko. Munthu sakhala m'chipinda chimodzi ngati chithunzi cha pa kalendala. Amadzuka kuchipinda, kudutsa m'kolido, kulowa kukhitchini, kutulukira pakhonde, ndipo diso limanyamula mtundu wa kumene wachokera n'kukauyerekeza ndi wa kumene walowa. Choncho funso lakuti chipinda ichi chikhale cha mtundu wanji limabwera pambuyo. Loyamba ndi lakuti, chitseko ichi chikatseguka, ndi mitundu iti imene ikhale ikuyang'anizana?

Ku Giverny, mudzi waung'ono wa kumpoto chakumadzulo kwa Paris ku France, kuli nyumba ya Claude Monet, katswiri wojambula zithunzi ndi penti, yemwe anakhalamo kuyambira 1883 mpaka pamene anamwalira mu 1926. Monet sankaopa mitundu. Kunja nyumbayo ndi yapinki, zotchingira mawindo zobiriwira ngati masamba. Chipinda chodyera ndi chachikasu paliponse, makoma, mipando ndi makabati omwe, chikasu china chowala, china chozamirapo. Khitchini yoyandikana nacho ndi ya buluu, makoma ake okutidwa ndi matailosi a ku Rouen. Pongomva, munthu angati ndi chisokonezo chomwe chija cha m'kolido. Koma m'chipinda chachikasucho buluu analowamo kale. Ali m'mbale zadothi zoikidwa m'makabati, ali m'zithunzi za ku Japan zomwe Monet ankasonkhanitsa n'kumapachika pakhoma. Kukhitchini nako, mapoto amkuwa opachikidwa m'mizere amanyezimira ndi kuwala kofiirira, kwapachibale ndi chikasu. Chitseko cha pakati pa zipinda ziwirizi chikatseguka diso silidzidzimuka, chifukwa chipinda chilichonse chinabwereka kale kachidutswa ka chinzake.

Chifukwa chimene mitundu yoyandikana imakhudzirana chinafotokozedwa ku Paris komweko, Monet asanabadwe. Mu 1824, katswiri wa sayansi ya mankhwala, Michel-Eugène Chevreul, anapatsidwa udindo woyang'anira utoto pa fakitale ya Gobelins, yotchuka ndi nsalu zoluka zopachika pakhoma. Anapeza madandaulo akumudikira akuti ulusi wakuda ukutuluka wosada bwino. Atauyesa utotowo anapeza kuti unalibe vuto. Chomwe chinkasokoneza chinali mnansi wa ulusiwo: wakuda akalukidwa pafupi ndi buluu wozama, diso linkamuona ngati wasuluka. Mu 1839 Chevreul anatulutsa buku lofotokoza kuti mtundu uliwonse umasintha maonekedwe malinga ndi umene wayandikana nawo.

M'nyumba zimenezi zimachitika tsiku lililonse. Kirimu amene amaoneka waukhondo pa kakhadi ka ku shopu, akapakidwa pafupi ndi chitseko choyera mbee amaoneka ngati khoma lomwe lamwa utsi wa mbaula. Nsalu yotuwa ngati phulusa ikayandikana ndi chinthu chofiira kwambiri imaoneka yobiriwirirako. Wopenta amanenedwa kuti wasakaniza molakwika, pomwe iye wapaka chomwe anapatsidwa.

Kumudzi vuto la m'kolido silipezeka kawirikawiri, ndipo chifukwa chake si kusowa kwa ndalama kokha. Mayi wozira nyumba amatenga mtsiro wakuda kudambo, katondo wofiira kumtunda, dothi loyera kumene limapezeka, n'kuonjezera phulusa kapena makala osinja ngati akufuna kujambula maluwa ndi mizere pakhoma. Mitundu yake siipitirira itatu kapena inayi, ndipo yonse yachokera m'nthaka imodzi, motero palibe umene umakuwa kuposa unzake. Mtsiro womwewo umene wazira m'nyumba ndi umene umazira khonde, umakwera m'munsi mwa khoma, umakafika mpaka ku khitchini ya kuseri. Mlendo akafika pabwalo amaona khomo limodzi. Mitundu yochepa yotereyi ndi yakale kwambiri m'dziko muno. Ku Chongoni, pafupi ndi Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo pafupifupi zonse ndi za mitundu iwiri: zofiira, zomwe zimatchulidwa kuti ndi za Akafula, ndi zoyera za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau.

Pali ena amene sangapirire nyumba ya mitundu ya dothi yokhayokha, ndipo alibe chifukwa chopepesera. Esther Mahlangu, mayi wa Chindebele wa ku Mpumalanga ku South Africa, wobadwa mu 1935, anaphunzira kujambula makoma kwa amayi ake ndi agogo ake ali mtsikana, pogwiritsa ntchito nthenga za nkhuku. Makoma ake amanyamula pinki, buluu, chikasu, wobiriwira, yonse yowala, ndipo mu 1991 kampani ya BMW inamupatsa galimoto kuti aijambule mwa njira yomweyo. Chomwe chimaletsa mitundu yonseyo kumenyana ndi mzere wakuda wokhuthala ndi malo oyera omwe amazungulira chidutswa chilichonse. Mitundu imasinthasintha, koma mpanda wake ndi umodzi kuyambira pa geti mpaka kuseri kwa nyumba. Nyumba ya m'tauni ingabwereke nzeru imeneyi popanda kujambula kanthu, monga zionekere kutsogoloku.

Posankha mitundu yeniyeniyo, poyambira ndi pansi, popondapo. Khoma likhoza kupentedwanso ndi malipiro a mwezi umodzi, koma simenti, matailosi ndi malata zimakhala zaka makumi. Nyumba zambiri zakale za ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe zili ndi simenti yofiira yopaka polishi, ndipo mtundu umenewu ndi wamphamvu moti umabwezera kuwala kofiirira m'makoma. Umagwirizana ndi mitundu yofunda: kirimu, mtundu wa mchenga, wa khofi wamkaka, wobiriwira wozama wonga wa masamba a mango. Matabwa nawo ali ndi mbali yawo. Mbawa ndi yofiirira, mlombwa umapita ku golide wakuda, paini wa ku Chikangawa ndi wotumbuluka chachikasu. Kabati ya mbawa yomwe banja linalandira pa ukwati sichoka pabalaza, ndiye iwerengedwe ngati mtundu umodzi wa nyumbayo penti asanagulidwe.

Apa ndi pomwe fasho ya gireyi, yomwe yadzaza pa Facebook ndi m'mafilimu, yapweteketsa ambiri. Gireyi wozizira, wopendekera ku buluu, amakongola pa matailosi oyera kapena otuwa ndi mipando yakuda. Pa simenti yofiira, pakati pa mipando ya mbawa, amaoneka ngati khoma lomwe laiwalidwa lisanapentedwe. Wokonda gireyi m'nyumba yotere asankhe wopendekera ku bulawuni. Ngakhale penti woyera ali ndi mbali: wina amapendekera ku chikasu, wina ku buluu, ndipo kusiyanako kumaoneka bwino makhadi awiri akasanjikizidwa pa pepala loyera panja.

Okongoletsa m'nyumba ali ndi kawerengedwe kotchuka ka 60, 30 ndi 10. Pa magawo 100 a zimene diso likuona m'chipinda, pafupifupi 60 akhale a mtundu waukulu wofatsa, womwe nthawi zambiri ndi wa makoma. Magawo 30 akhale a mtundu wachiwiri, wa sofa, makatani kapena kapeti. Magawo 10 otsalawo ndi a mtundu wokuwa, wa mapilo, nsalu ya patebulo, mphika wa maluwa. Si lamulo la sayansi ndipo palibe amene amayeza ndi tepi. Phindu lake ndi lakuti limakumbutsa munthu kuti mitundu itatu ikapatsidwa malo ofanana imalimbirana ufumu. Pofuna kumanga nyumba yonse pamodzi, mitundu itatuyo imangosinthana maudindo. Wobiriwira amene ali pa mapilo okha pabalaza akhoza kukhala khoma lathunthu kuchipinda chogona, ndipo kukhitchini n'kutsala pa zitseko za makabati. Mlendo sazindikira kuti pali dongosolo, amangomva kuti akadali m'nyumba yomweyo.

Kusankha mitundu itatu yogwirizana n'kumene kumavuta, ndipo ngakhale akatswiri amafuna chowathandiza. Le Corbusier, mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri olemba mapulani a nyumba m'zaka za m'ma 1900, anakonzera kampani ya ku Switzerland yotchedwa Salubra mitundu 43 mu 1931, n'kuonjezera ina 20 mu 1959. Anaisanja pa makhadi okhala ndi kachibowo kotsetsereka, kuti wogula akasuntha kachibowoko aone mitundu yochepa yokha imene ikugwirizana, ina yonse itabisika.

Mmalawi ali nacho kale chida chotere m'sutikesi. Wojambula chitenje, kaya ndi cha ku fakitale ya Mapeto ku Blantyre, cha ku Tanzania kapena cha ku Zambia, anakhala kale pansi n'kusankha mitundu itatu kapena inayi yoti ikhale pa nsalu imodzi osadana. Chitenje chimene mayi wa pakhomo amachikonda kwambiri, chomwe amachisungira ku zinkhoswe ndi ku tchalitchi, chimaulula mitundu imene banjalo lingakhale nayo osatopa. Mtundu wofatsa kwambiri pa chitenjecho, utasungunulidwa ndi woyera, upite kumakoma. Wapakati upite ku makatani. Wokuwa kwambiri utsale pa tinthu ting'onoting'ono. Kulakwitsa kofala ndi kutembenuza dongosololi, kutenga olenji wa duwa la pa chitenje n'kumupaka makoma anayi. Duwalo linkakongola chifukwa linali laling'ono.

Mpanda uja wa Esther Mahlangu, m'nyumba wamba, ndi zitseko, mafelemu, zitsulo za pawindo ndi siling'i. Zimenezi zikakhala za mtundu umodzi nyumba yonse, makoma akhoza kusiyana chipinda ndi chipinda popanda phokoso. Kolido, yomwe imaona zitseko zonse, ndiyo iyenera kufatsa koposa. Palinso lamba uja wa penti wa mafuta amene amapakidwa m'munsi mwa khoma m'masukulu ndi m'zipatala. Ambiri amamunyoza kuti ndi wa boma, koma anabwera pa chifukwa chomveka: m'dziko la fumbi lofiira, matope a dzinja ndi ana ogwira khoma ndi manja a nsima, gawo la m'munsi limafuna penti wochapika. Lamba wotere, wa mtundu umodzi wosankhidwa bwino, akayenda kuchokera pakhonde kudutsa m'kolido mpaka kukhitchini, amasoka nyumba ngati mkawo wa telala, ndipo khoma la pamwamba limakhala loyera zaka zingapo.

Dzuwa nalo limapenta. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ku Ulaya ndi ku America, komwe chipinda choyang'ana kumpoto ndicho chamdima ndi chozizira. Kuno zinthu n'zotembenuka. Lilongwe ili pafupifupi madigiri 14 kum'mwera kwa equator, ndipo kuyambira chapakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limadutsa chakumpoto. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mawindo a kumpoto ndiwo amalowetsa dzuwa, pomwe chipinda cha kum'mwera chimakhala mu mthunzi. Buluu kapena gireyi m'chipinda cha kum'mwera amazizira kawiri. Chipinda cha kumadzulo chimalandira dzuwa lofiira la madzulo, ndipo mu Okutobala khoma la pichesi kapena la olenji m'chipinda chotere limayaka ngati ng'anjo ya njerwa. Mtundu umodzimodzi, wochokera m'chigubu chimodzi, umaoneka mosiyana m'zipinda ziwirizi, zomwe zikutanthauza kuti wopenta nyumba yonse ndi mtundu umodzi sakhala ndi nyumba yotopetsa monga amaopera.

Usiku ufumu umapita kwa babu. Pa katoni ya babu pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi chilembo K. Wa 2700K kapena 3000K amawala chachikasu, wa 6500K amawala moyera chabuluu. Kirimu pansi pa babu wa 6500K amatuwa, ndipo buluu pansi pa wa 2700K amaoneka wakuda ndi fumbi. Nyumba zambiri zimene zimaoneka zosagwirizana usiku vuto lake si penti, koma mababu ogulidwa mmodzimmodzi pamene wakale wapsa, aliyense ndi kuwala kwake. Kuwasintha onse akhale a nambala imodzi n'kotsika mtengo kuposa chitini cha malita asanu.

Ku hadiweya kumadikira msampha wina, wa chilankhulo. Chichewa chili ndi mawu ochepa a mitundu: kuyera, kuda, kufiira, kubiriwira. Ina yonse imatchulidwa pofanizira ndi zinthu, monga chikasu, mtambo, khofi, phulusa, ndipo mawu akuti kubiriwira kwa ena amatanthauza msipu, kwa ena thambo. Bambo wotumidwa kukagula wobiriwira wofatsa akhoza kubwera ndi chilichonse. Njira yotetezeka ndi kunyamula chinthu chenicheni, kachidutswa ka nsalu kapena ka tailosi, ndi kulemba dzina ndi nambala ya pa khadi ya penti. Chithunzi cha pa foni sichithandiza, chifukwa foni iliyonse imaonetsa mtundu mwa njira yake. Asanagule chigubu chachikulu, wanzeru amagula kachitini kakang'ono, n'kupaka malo okwana mita imodzi mbali zonse pakhoma lenilenilo, makoti awiri, n'kuwasiya aume. Kenako amawayang'ana m'mawa, masana, ndi usiku babu atayaka.

Openta ambiri amasakaniza okha mtundu, kudontheza utoto wa m'kabotolo mu penti woyera wa madzi mpaka diso litakhutira. Luso limeneli lilipo ndithu, koma diso silibwereza ndendende. Chigubu chachiwiri chimatuluka chosiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumakaonekera pakati pa khoma la pabalaza. Penti yense wofunika pa mtundu umodzi asakanizidwe tsiku limodzi m'chidebe chimodzi chachikulu, ndipo wotsala asungidwe wotsekedwa bwino, wokonzera pamene pakalika.

Masamu ake ndi osavuta. Chipinda cha mamita anayi m'litali ndi anayi m'lifupi, chotalika mamita 2.7, chili ndi makoma okwana masikweya mita 43, ndipo pochotsa chitseko ndi windo amatsala pafupifupi 39. Lita imodzi ya penti wa madzi imakuta masikweya mita apakati pa 8 ndi 10 pakhoma losalala, motero makoti awiri amadya malita 8 mpaka 10. Chigubu cha malita 20 chimakwana zipinda ziwiri zotere. Popeza lita ya m'chigubu chachikulu imatsika mtengo kuposa ya m'zitini zing'onozing'ono, nyumba ya mitundu yochepa imapulumutsanso ndalama, ndipo sipakhala zitini zisanu zotsala theka zikuuma kuseri kwa chitseko. Pulasitala watsopano amamwa penti kwambiri, komanso amafuna milungu inayi kuti aume asanapakidwe kanthu. Wothamangira amaona mtundu wake ukuchita mawangamawanga mvula yoyamba isanathe.

Pa penti wa mafuta pali chenjezo lomwe silikhudza kukongola. Mitundu yowala yachikasu, ya olenji ndi yofiira ndi imene kwa zaka zambiri yakhala ikupangidwa ndi mtovu m'maiko ambiri, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana aang'ono. Kafukufuku amene bungwe la Lead Exposure Elimination Project linachita kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 anapeza mtovu wochuluka m'mapenti ena a mafuta ogulitsidwa m'Malawi, ndipo Malawi Bureau of Standards inachitapo kanthu. Wogula afunse chitini cholembedwa kuti mulibe mtovu, makamaka ngati akupenta chipinda cha ana, bedi kapena zitsulo za pawindo zomwe mwana angalume. Popala penti wakale wa mafuta, khoma linyowetsedwe kuti fumbi lisauluke, ndipo ana akhale kutali.

Nanga a lendi, omwe ndi ochuluka ku Ndirande, ku Area 25, ku Chibavi? Landilodi anapaka kirimu nyumba yonse ndipo salola bulashi kukhudza khoma. Mosadziwa wawagwirira kale ntchito yaikulu, chifukwa magawo 60 aja ndi amodzi m'zipinda zonse. Otsalawo ali m'manja mwa wokhalamo, ndipo ndi onyamulika tsiku losamuka. Mphasa, mikeka, madengu ndi mipando yoluka zili ndi mtundu wa udzu wouma womwe sudana ndi kirimu kapena simenti yofiira. Mbale ndi makapu a ku Dedza Pottery, kapena mtsuko wamba wa pamsika, zimabweretsa mtundu wa dothi. Chovuta chimakhala kudziletsa, chifukwa pabalaza pa Mmalawi pamasonkhana mphatso: madoilo apinki a ku bridal shower, maluwa apulasitiki ofiirira, kalendala ya banki, wotchi yagolide ya pa ukwati, chilichonse ndi mwini wake amene adzachifunafuna ndi maso akadzabwera kudzacheza. Sizitayidwa. Zimangogawidwa m'zipinda malinga ndi mtundu, zapinki kuchipinda kumene kuli kale pinki, zagolide pafupi ndi kabati ya mlombwa.

Chitenje chimodzi cha mamita awiri, chikapita kwa telala wa pakhonde la shopu, chimatuluka zikwama zitatu kapena zinayi za mapilo a pa sofa. Chachiwiri cha mtundu womwewo chimapereka mpendero wa makatani a kuchipinda ndi kansalu kotchinga shelefu ya mapoto kukhitchini, ndipo tizidutswa totsala timakwana kumangira makatani a m'kolido.